Galu wa Kuseri kwa Khoma

A Laban Kamtedza anafika ku Scarborough, kudziko la azungu kutsidya kwa nyanja, mitengo ikuyoyola masamba, ndipo chinthu choyamba chimene anaona n'chakuti anthu akumeneko sadziwa odi. Mlendo amangodina kabatani pakhomo la pansi, chitseko n'kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, basi munthu walowa. Palibe woomba m'manja, palibe wofunsa ngati eni nyumba alipo, palibenso galu wothamangira kudzaona kuti wabwerayo ndani. A Laban anangopukusa mutu osanena kanthu, poti kwa eni kulibe mkuwe.

Anawaitanitsa ndi mwana wawo Mirriam, namwino pachipatala china mumzindamo. Mayi ake a Mirriam, a Beatrice, anali atatisiya chaka chinacho, ndipo mwanayo sankapeza tulo akaganiza zoti bambo ake akudziphikira okha ku Bilira kuja, m'nyumba yaikulu yopanda wowayankhula. "Bwerani kuno mudzapume, bambo," ankatero pafoni mpaka mkuluyo anagonja. Ndipo anapumadi. Anapuma mpaka msana unayamba kuwawa ndi kupumako.

Nyumba ya Mirriam inali pamwamba penipeni pa chinyumba chosanjikizana, pamene mbalame umaziona msana zikamauluka. M'mawa uliwonse Mirriam ankatuluka kusanache bwino kuthamangira basi. Mwamuna wake Douglas ankamutsatira, chikho cha khofi chili m'manja, kukakwera sitima ya ku Oakville kumene ankagwira ntchito. Pomaliza ankatuluka Olivia, mdzukulu wa a Laban, amene Chichewa chake chonse chinkathera pa "zikomo" ndi "bye, agogo." Chitseko chikatsekedwa kachitatu, m'nyumbamo munkangotsala a Laban ndi firiji, ndipo mwa awiriwo wolongolola anali firijiyo. Zenera linkatseguka pang'ono chabe, poti dzanja lokha lidutse. Pa TV ankayankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno, chosiyana ndi chimene iwo anaphunzira kusukulu ya mishoni. Ankaima pazenerapo kuyang'ana magalimoto pansi, anthu ochuluka chonsecho, koma wopatuka kudzapempha ngakhale madzi akumwa panalibe.

Ndiye tsiku lina m'mawa, akuthira shuga mu tiyi, anamva chitseko cha nyumba yoyandikana nayo chikutsekedwa. Mapazi anapita, belu la lifiti linalira, kenaka kuseri kwa khoma galu anayamba kuuwa.

Supuni inaima m'kapu. A Laban anatchera khutu ngati munthu amene wamva dzina lake pamsika wachilendo. M'dziko lonseli, mmene ngakhale akhwangwala ankalira mwachizungu, galuyo yekha ndiye ankayankhula chinenero chimene iwo ankachimva popanda womasulira.

Agalu ankawadziwa a Laban, zimenezo musakayike. Ntchito yawo yonse anaigwirira kudibi, kusambitsa ng'ombe ndi kubaya agalu katemera wa chiwewe, ndipo panalibe galu wa ku Bilira amene sanawagwirepo mwendo wa buluku. Kwawo anasiyako wawo, wofiirira, wa khutu limodzi logwa, dzina lake Akanene. Dzinalo anamupatsa ndi a Beatrice nthawi imene ankakangana ndi alamu awo, kuti akamaitana galu madzulo uthenga uzifika kumene ukupita. A Laban anali ndi chizolowezi chonena odi pakhomo pawo pomwe akamachokera kuntchito, ndipo a Beatrice ankayankha ali kukhitchini kuti, "Lowani, alendo osatha inu!" Maliro atatha, anthu atabalalika, pakamwa panakana kusiya chizolowezicho. Ankafikabe pakhomo n'kunena odi, ndipo amene ankayankha anali Akanene. Pobwera kuno anamusiya m'manja mwa Tawonga, mwana wa mlongo wawo. Akafunsa pafoni, Tawonga ankati galuyo amabwera kudzadya, akatha n'kubwerera kukagona pakhonde la nyumba yokhomayo.

Kuyambira tsiku limenelo m'mawa wa a Laban unakhala ndi mutu ndi miyendo. Ankadikira kuti a m'nyumba onse atuluke, n'kukoka mpando kuuika pafupi ndi khomalo, tiyi ali pakampando kena. Chitseko cha anebawo chikatsekedwa ankati, "Eya, yamba ntchito, mnyamata." Ndipo mnyamatayo ankayambadi. Ankauwa, n'kupuma, n'kuyambiranso, mpaka dzuwa, ngati linalipo tsikulo, litapendeka. A Laban ankamufunsa kuti waona ndani, ankamuuza za mitengo ya feteleza kumudzi, za bondo lawo, za Akanene. Nthawi zina ankagogoda khomalo ndi chala, galuyo n'kukhala chete pang'ono, kenaka n'kuyankha mwamphamvu. M'maganizo mwawo ankamuona bwinobwino: chigalu chakuda, chifuwa chotambalala, chokhoza kubweza fisi pakhola la mbuzi.

Za mwini wake anamva kwa Mirriam kuti ndi mtsikana wokhala yekha, dzina lake Chipo, wobadwira konkuno koma makolo ake ndi a ku Chipata. "Chinyanja amamva, koma poyankha amasakaniza," anatero Mirriam.

Anakumana naye Loweruka lina mu lifiti, chisanu chitayamba kuluma makutu. Mtsikanayo analowa atanyamula kanthu koyera, kaubweya ngati thonje, kosaposa nkhuku yathadzi. Kanavala jekete yofiira, ndipo kumapazi onse anayi kunali tinsapato. A Laban anayang'ana kanthuko, kanthuko kanawayang'ana, kenaka kanati "wu!" kamodzi, ndipo iwo analizindikira liwulo nthawi yomweyo. Chigalu chawo chakuda chija chinali chimenechi. Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha m'lifitimo.

"Muli bwanji, mayi?" anatero atapezanso mpweya. "Ine ndine bambo ake a Mirriam, khomo loyandikana nanuli."

"Nili bwino, uncle," anayankha Chipo akupinda bondo pang'ono, mmene anamuphunzitsira amake. "Uyu ni Biscuit."

"Bisiketi! Galu dzina Bisiketi?" A Laban anapukusa mutu, koma mtima unali utadzaza, ndipo mtima ukadzaza pakamwa sipatsekeka. Kwawo ukafuna kusangalatsa mwini galu umamuuza kuti galu wake sagona, monga mmene ungauzire mlimi kuti ng'ombe yake imakoka bwino ngolo. Ndiye anathira ndemanga yonse imene anaisunga masabata onsewo. "Koma mayi, muli ndi galu pano! Mukangotuluka inu, iyeyu amayamba. Tsiku lonse, osapuma, mpaka mubwere. Ine ndimamumva bwinobwino kuseri kwa khoma. All day, barking, barking! Ngakhale tulo ta masana ndinasiya."

Nkhope ya Chipo inagwa. "All day? Oh no. Pepani, uncle, pepani maningi. I'll fix it, I promise."

"Palibe chopepesa apa, mwanangu," anatero a Laban akumwetulira, ndipo anabwereza kuti atsimikize, "Tsiku lonse ndithu!"

Lifiti inafika pansi, mtsikanayo anatuluka mofulumira atakumbatira kagalu kake. A Laban anabwerera m'nyumba akuimba kanyimbo ka kutchalitchi, okhutira kuti akonza ubale ndi aneba. Akanadziwa chimene anachita, akanaluma lilime.

Patapita masiku angapo, m'mawa wina, anakhala pampando wawo monga mwa nthawi zonse. Chitseko chinatsekedwa, lifiti inalira, galu anati "wu, wu," ndipo liwulo linadukira pakati ngati munthu watseka mpopi. Panamveka kaphokoso kakang'ono, pii, kenaka kulira kwapansipansi. Patapita kanthawi anayesanso, n'kudukanso chimodzimodzi. A Laban anagogoda khoma. Sipanamveke kanthu. Anagogodanso ndi chikhatho chonse, koma tsiku limenelo linatha choncho.

Mawa lake galuyo sanayese n'komwe. Mkuja wakenso ayi.

A Laban sanachotse mpandowo pakhomapo. Ankakhalabe pomwepo, tiyi n'kuzizira m'kapu, khutu lili kukhoma. Chete wa poyamba uja anali wopiririka chifukwa sankadziwa kuti kuseriko kuli wina. Uyu anali chete wa munthu amene wakusiya kukuyankhula osakuuza chimene walakwa. Kunja chipale chofewa chinayamba kugwa, chopanda phokoso nachonso, osati ngati mvula ya kwathu imene imafika ndi ng'oma padenga la malata. Anaimbira Tawonga kufunsa za Akanene, ndipo anapempha kuti ayandikize foni kwa galuyo, koma Tawonga anali kumsika ndipo anaseka poganiza kuti amalume akuchita nthabwala. Anasiya kumeta ndevu. Anapukwa kwawo kuposa tsiku limene anafika, anapukwa a Beatrice, anapukwa ngakhale alamu aja amene ankanenedwa podzera m'dzina la galu.

Madzulo Mirriam ankalowa atatopa, maso ali ofiira, n'kufunsa akuvula nsapato, "Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera bwino, kaya iwe mwanangu," ankayankha. Akanati chiyani? Munthu wagwira odwala tsiku lonse, wakulipirira ndege, wakugulira jekete yonga bulangeti, ndiye iwe uzimuuza kuti ukulira galu wa eni?

Tsiku lina masana analephera kupirira. Anatuluka m'khonde lalitali la m'katimo, mmene zitseko zonse zimafanana, n'kukaima pakhomo la Chipo. "Odi," anatero chapansipansi. Anamva tizikhadabo tikuthamanga pansi, kenaka mpweya ukufwenthera pampata wa pansi pa chitseko. Anagwada movutikira, bondo likudandaula, n'kuika chala pampatapo. Kamphuno konyowa kanachikhudza. Galuyo anali moyo, anali pomwepo, koma mawu analibe.

Apa mtima wa munthu wa kudibi unadzuka. Galu wamoyo amene mlendo waima pakhomo pake iye osauwa, ameneyo akudwala. A Laban anayamba kuwerengera m'mutu matenda amene amagwira galu pakhosi, ndipo ena mwa iwo sanafune n'kuwatchula komwe. Anaganiza zoti mtsikanayo, pokhala mwana wobadwira m'tauni, mwina sakuona kuti chiweto chake chikufa.

Loweruka anapita kukazonda wodwala. Kozonda sapita chimanjamanja, choncho anasonkhanitsa mafupa a nkhuku ya dzulo lake n'kuwakulunga bwino m'pepala. Ananena odi kawiri, kenaka anakumbukira kumene ali n'kugogoda. Chipo anatsegula, kagalu kaja kali kumapazi kwake, kakugwedeza mchira koma kukamwa kuli kotseka.

"Ndabwera kudzaona mnzangayu," anatero a Laban atakhala pampando umene anapatsidwa. "Wayamba liti kudwala?"

"Kudwala? No, uncle, ali fine." Chipo anamwetulira ngati mwana amene akudikira kuyamikiridwa. "Yasebenza, eti? Simumumvanso manje?"

"Chagwira ntchito n'chiyani?"

Mtsikanayo ananyamula galuyo n'kumuika pamiyendo pawo. Manja a a Laban anapita okha pakhosi, mmene ankachitira kudibi, ndipo pansi pa ubweyawo anapeza lamba wakuda wokhala ndi kabokosi konga ka machesi. Kumbuyo kwa kabokosiko kunali timano tiwiri tachitsulo togunda pakhungu.

"Ni kolala yoletsa kuuwa," anafotokoza Chipo. "Akauwa, imalira pii. Akapitiliza, ima-vibrate, imanjenjemera so. Akapitilizabe, imamupatsa ka-shock pang'ono." Anaima kaye, kumwetulira kuja kukuzilala. "Amati siipweteka. Ninaiyesa pa dzanja langa first. Imapweteka pang'ono, uncle."

A Laban anayang'ana timano tija nthawi yaitali. "Ndani anakudandaulirani kuti mufike pomumanga pakamwa chonchi?"

Chipo anawayang'ana modabwa. "Imwe, uncle. Mu lifiti muja."

"Ine?"

"Munati all day, barking, barking. Munati simugona."

Mkuluyo anagwira kumutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine! Mwanangu, kumene kuja kunali kuyamikira! Kwathu galu wouwa ndiye galu. Wosauwa timati ndi wongodya nsima, sitimuwerengera. Ine ndimati ndikuuzeni kuti muli ndi mlonda weniweni."

"Koma mummy amakamba kuti akulu a kwathu sakalipa straight," anatero Chipo. "Amati wamkulu akakuyamikira maningi akuseka, ufunika kumvetsetsa, pali mlandu."

"Amayi anu sananame," anavomera a Laban mwachisoni. "Koma tsiku limenelo ndinkanena zoona."

Chipo anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi imene anaipukuta ndi mkono wa juzi. Kenaka anawauza zimene iwo sankadziwa. Woyang'anira nyumbayo anali atamuchenjeza kale kuti wina wa m'khonde lomwelo wadandaula za phokoso. Dandaulo lina likabwera, ndiye kuti Bisiketi achoke kapena achoke onse awiri, ndipo nyumba yolola galu mumzindawu siipezeka ngati bowa. Choncho mawu a mu lifiti aja anamugwera pachilonda, ndipo usiku womwewo anaitanitsa kolalayo.

"And uncle," anapitiriza akutulutsa foni, "salonda nyumba uyu. Onani."

Anali ataika kakamera pashelefu kuti aziona zimene galuyo amachita iye akachoka. A Laban anavala magalasi. Pachithunzi choyamba, cha masiku akale aja, kagaluko sikanali pazenera kuyang'ana akuba, sikanali kuzungulira nyumba ngati mlonda. Kanaima pachitseko, mphuno itagunda thabwa, silipasi ya Chipo ili pakati pa miyendo yake, kakuuwa kuyang'ana kumene mwini wake anatulukira. Kakatopa kankagona pa silipasiyo, kakamva lifiti n'kudzambatuka, kakaona kuti si iye n'kuyambiranso.

"Amanilira ine," anatero Chipo. "Amaopa kukhala yekha."

Pachithunzi chachiwiri, cha dzulo lake, zonse zinali chimodzimodzi: chitseko chomwecho, silipasi yomweyo, mphuno pathabwa. Kusiyana kwake kunali kwakuti kukamwa kunali kotseka ndipo thupi lonse linkanjenjemera.

A Laban anavula magalasi n'kuwapukuta, ngakhale kuti sanali akuda. Manyazi anawagwira, iwo amene ankadzitama kuti amadziwa agalu. Kunena zoona, khutu lawo linali litamva kalekale kuti kuuwa kuja kumathera m'kamchira kolira, kosiyana ndi kwa galu amene waona mlendo. Koma mtima unkafuna mnzawo wamphamvu kuseri kwa khoma, ndiye unauza khutu kuti likhale chete. Masabata onsewo ankamwera tiyi misozi ya mnzawo. Anaganiza za Akanene pakhonde la nyumba yokhoma ku Bilira, mphuno ili kumsewu.

"Ndili ndi pempho, mayi," anatero akusisita kamutu koyerako. "Mundilembe ubusa. Ng'ombe ndaweta, mbuzi ndaweta, kankhosa aka sikangandikanike. Inu mukamapita kuntchito, ine ndizibwera kudzakhala naye. Akakhala ndi munthu salira, eti? Ndiye chitsulochi muchivule."

Chipo anazengereza. Kuno munthu sapereka kiyi wa nyumba yake kwa mkulu amene wakumana naye kawiri. Anayang'ana a Laban, ndevu zosameta, jekete yaikulu ngati yobwereka, kenaka anayang'ana Bisiketi amene anali atagona pamiyendo yawo akununkhiza kaphukusi ka m'thumba.

"Muli chani umo, uncle?"

"Kamphatso ka wodwala. Mafupa a nkhuku."

"Chicken bones? No, no, no!" Analanda kaphukusiko ngati wawapeza ndi poizoni. "Angafe nayo! Uyu ali na chakudya chake, na ma-treats."

A Laban anafuna kunena kuti Akanene wakula ndi mafupa a nkhuku ndipo sanaonepo khomo la chipatala, koma anakumbukira kumene pakamwa panawafikitsa ulendo watha. "Chabwino, lamulo ndi lanu," anatero. "Galu wovala nsapato ali ndi malamulo ake."

Chipo anaseka, ndipo kusekako kunamasula nkhani. Anati akambirane kaye ndi Mirriam, ndipo ngati avomera, ayesa kuyambira Lolemba.

Mirriam anamva nkhani yonse madzulo ake, ataima pasinki. Poyamba anaseka za mu lifiti mpaka kugwira m'mimba. Kenaka maso ake anagwera pampando uja umene unakhala pakhoma masabata onsewo, umene iye ankangoubwezera patebulo osafunsa, ndipo kuseka kunatha.

"Ndiye tsiku lonse mumakhala apa, bambo? Kumvetsera galu?"

"Ndimacheza naye."

"Nanga ndikakufunsani mumati mwaswera bwino bwanji? Mukanandiuza kuti mukusungulumwa."

"Kwa eni kulibe mkuwe, mwanangu."

"Kuno si kwa eni," anatero Mirriam. "Kuno ndi kwa mwana wanu."

A Laban anangomugwira paphewa, ndipo Mirriam anapukuta manja n'kupita yekha kukagogoda kwa Chipo. Pobwera anali ndi kiyi womangidwa pakachingwe kofiira.

Lolemba a Laban anadzuka onse asanadzuke. Anameta ndevu, anapukuta nsapato, anavala malaya oyera ngati masiku a kudibi pamene kunkabwera akuluakulu a ku Lilongwe. Olivia anawayang'ana n'kufunsa amake m'Chingerezi ngati agogo apeza ntchito, ndipo amake anati eya. Onse atatuluka, mkuluyo anaima pakhoma paja. Pangano linali lakuti Chipo avula kolalayo pochoka, ndipo iwo alowe msanga galuyo asanasokose. Anamva chitseko chikutsekedwa, mapazi, belu la lifiti. Anadikira liwu lija kuti angolimvako kamodzi asanapite.

Silinabwere. Kolala inali patebulo, koma galuyo anali ataphunzira phunziro lake bwino lomwe.

Mtima wa a Laban unagwa. Anatuluka m'khonde muja kiyi ali m'manja, akudzifunsa ngati pakamwa pawo panapha liwulo mpaka kalekale. Atafika pachitseko analoza kiyi pabowo, koma dzanja linakana. Munthu woleredwa salowa m'nyumba ya eni ngati wakuba, ngakhale atapatsidwa kiyi.

"Odi," anatero.

Tizikhadabo tinathamanga, mpweya unafwenthera pansi pa chitseko, basi.

Anaika kiyi m'thumba n'kuomba m'manja katatu, mwaulemu. "Odi kuno!"

Kuseriko kunamveka ka "wu" kakang'ono, konga chifuwa, kenaka chete. A Laban anadziwa chimene chinkachitika. Kagaluko kanali katakhwinyata, kakudikira kuti timano tija tikalume pakhosi. Nawonso anagwira mpweya, kudikira limodzi nako. Palibe chimene chinalira, palibe chimene chinaluma.

Ndiye anakoka mpweya wonse n'kuitana mmene ankaitanira ali pamsewu ku Bilira, njinga ili m'manja, utsi ukutuluka kukhitchini ya a Beatrice.

"Odiii, eni nyumba!"

Bisiketi anaphulika. Anauwa mpaka chitseko kunjenjemera, akulumpha, akukanda thabwa. Ndipo sikunali kuuwa kwa kuseri kwa khoma kuja, kokoka, kothera m'kulira. Uku kunali kwakufupikufupi, kwaukali, kwa galu amene ali pakhomo pake ndipo akufunsa kuti wabwerayo ndani. A Laban anakudziwa nthawi yomweyo. Chichokereni kwawo, aka kanali koyamba kuti anene odi wina n'kuwayankha.

Ankadziwa kuti ayenera kutsegula msanga, kuti kuseri kwa chimodzi mwa zitseko zofananazo kuli munthu amene dandaulo lake lingathamangitse Chipo ndi galu wake. Anatulutsa kiyi, koma anaimabe pang'ono, maso ali otseka, misozi ikutsikira pachibwano chometa kumenecho. Anaba kamphindi kamodzi kokha, kenaka analowetsa kiyi pabowo.

"Ndine, mnzanga, ndine," anatero mawu akusasa. "Wayankha, ndamva. Ndikulowa tsopano."